Mabotolo Atatu a Achimwene

4 Okutobala

Achimwene,

Madzi a pachitsime chathu akupha. Mwana wanga Kapitawo, mphwanu uja, wasanza masiku atatu, m'mimba mukungotsegula, ndipo m'kamwa mwatuluka tizilonda. Nkhuku zinayi zimene zimamwa pa chithaphwi cha pachitsimepo zafa, miyendo m'mwamba. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikukudziwani, kalata mumawerenga mizere yoyamba yokha kenaka n'kuikapo kapu ya tiyi.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Ife kuno ndi momwe ndanenamu. Foni yanu ndaimba kasanu, akuyankha ndi mayi wa m'makina uja wonena kuti nambala mwaimbayi sikupezeka. Mayi ameneyu tazolowerana tsopano, amandiyankha kuposa abale anga. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa.

Mpopi wa pamsika unauma mu Ogasiti. Mgolo wanga wa madzi a mvula, uja wa kuseri kwa khitchini, unatha kalekale, muli akangaude okhaokha. Ndiye tonse a mzere wathu tikutunga pachitsime cha m'mphepete mwa mtsinje, kumunsi kwa paipi ya fakitale yonyika nsalu. Mtsinjewo mukuudziwa. Lolemba umakhala wabuluu, Lachitatu wofiira, Lachisanu zimatengera kuti akusoka yunifolomu ya sukulu iti. Chitsime chinali chabwinoko, koma nacho chayamba kutengera khalidwe la mnzake, thovu lake likununkha ngati mazira owola. Ndimawiritsa, Achimwene, ndimasefa ndi kansalu, koma mtundu suchoka. Achule akungoyandama, mimba zoyera kuloza kumwamba.

Tinapita amayi asanu ndi awiri ku geti ya fakitale. Mlonda sanatitsegulire, anangotilozera ndi chibonga chake chikwangwani chatsopano chimene akhoma pamlatho. Ndi chobiriwira, cha Chingerezi chokhachokha, pali chithunzi cha tsamba ndi dontho la madzi likumwetulira. Ine Chingerezi changa chinathera sitandade sikisi. Paja mukudziwa amene anapitiriza sukulu kwathu ndi amene anatsala kuti azichapa malaya a wopitirizayo.

Mawu ake ndakopera chilembo ndi chilembo, nditaima padzuwa mwana ali kumsana: effluent, ecosystem, mitigation, negligible, ndi ena atatu oyendera limodzi, within acceptable limits. Telala wa pakona akuti akutanthauza kuti madzi ndi abwino. Wometa akuti akutanthauza kuti ukamwa ndi zako. Atsala pang'ono kumenyana, wina ndi sizasi wina ndi lumo. Inu ndi amene munaphunzira za chilengedwe mpaka kuvala chipewa cha makona anayi. Ndiuzeni chimodzi chokha: mwana amwe kapena asamwe?

Bambo a Kapitawo sangayankhule. Amagwira m'chipinda chonyikira momwemo, manja awo ndi abuluu mpaka m'zigongono, ndipo anauzidwa kuti wotsegula pakamwa amutseguliranso geti.

Munabwera mu Febuluwale ndi galimoto ya ofesi ndi nsapato zoyera zija, njira mukuidziwa. Bweraninso.

Mlongo wanu,
Make Kapitawo

14 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndalandira kalata yako ndi chimwemwe, makamaka poona kuti wayamba kuchita chidwi ndi nkhani za chilengedwe. Zimenezi ife timazitcha awareness, ndipo mabungwe amavutika zaka zambiri kuti anthu a m'madera ngati lanulo afike pamene wafika iwepa. Alamu ako ali bwino, akupereka moni. Foni imakhala yozimitsa chifukwa ndili m'misonkhano yotsatizana.

Tiye ndikumasulire mawuwo limodzilimodzi. Uwasunge, ukhoza kuphunzitsako anzako pachitsimepo.

Effluent ndi madzi otuluka m'fakitale akamaliza ntchito yawo. Anthu wamba amati zonyansa, koma mawu amenewo ali ndi mkwiyo mkati, ndipo sayansi sikwiya. Ecosystem ndi mudzi wa zamoyo zonse zodalirana: mtsinje, achule, udzu, nkhuku zako, ngakhale iwe amene. Unyadire, uli mu ecosystem. Mitigation ndi njira zochepetsera vuto. Mwachitsanzo, fakitaleyo inadzala mitengo makumi awiri kutsogolo kwa ofesi yake. Negligible ndi chinthu chochepetsetsa, choti munthu wanzeru sataya nacho nthawi. Within acceptable limits ndiye mtima wa nkhani yonse. Zoipa m'madzimo zilimo, inde, pakuti pansi pano palibe madzi a angelo, koma zilimo pa mlingo wovomerezeka.

Za achule. Achule ife timawatcha bioindicators, kutanthauza kuti akamafa amakhala akutiuza kuti madzi aipa. Koma pamene pali lipoti la labotale lonena kuti madzi ali bwino, ndiye kuti achulewo afa pa zifukwa zawo. Za nkhuku, ino ndi nyengo ya chitopa. Za mphwanga, ana a zaka ziwiri amatola chilichonse pansi n'kuponya m'kamwa, mwinanso ndi mano. Uzimupatsa madzi ambiri.

Mtundu wa madzi usakuopse. Tiyi naye ndi wofiira.

Kubwera sindingathe mwezi uno. Tili ndi msonkhano waukulu wa masiku asanu ku hotela, wokambirana za madzi aukhondo kwa onse, ndipo woyankhula tsiku lotsegulira ndine. Ndakutumizira tisheti ya msonkhanowo, ndi kachipewa ka Kapitawo kolembedwa kuti Water Is Life, kutanthauza kuti madzi ndi moyo.

Achimwene ako,
Katswiri wa Zachilengedwe

18 Okutobala

Achimwene,

Kapitawo tamugoneka ku chipatala chaching'ono kuyambira dzana, ali pa diripi. Kachipewa kafika, zikomo. Ndamuveka pabedi pomwepo. Anesi awerenga, aseka, kenaka asiya kuseka.

Moni kwa alamu. Sukulu yanu ya m'kalata ndaphunzira, ndipo ndaphunzitsako anzanga monga munalamulira. Tsopano pachitsime sitinenanso kuti madzi akununkha, timafunsana kuti effluent wadzuka bwanji lero. Mayi ogulitsa tomato aja mwana wawo naye wayamba kusanza, ndawauza kuti asadandaule, ndi negligible. Anafuna kundiphwanya ndi ndowa. Nkhuku yachisanu yatuluka mu ecosystem dzulo. Mitengo ya mitigation ndinapita kukaiona. Yatsala itatu, ndipo mlonda amaithirira madzi ochokera mu ofesi, akuti a mumtsinje amaiwotcha. Madzi ambiri aja munati ndizimupatsa, simunanene kuti ndikatunge kuti.

Tsono imvani. Anesi anandifunsa kumene timatunga. Nditawauza anagwira pakamwa, n'kunditumiza kwa bambo a zaumoyo, aja oyenda pa njinga yamoto. Ndinawapempha kuti atseketse paipi, kapena atitumizire thanki ya madzi monga anachitira kutsidya nthawi ya kolera.

Anati, "Mayi, mphuno ine ndili nayo, fungo ndikulimva ngati inu nomwe. Koma kwa mabwana anga mphuno si umboni. Pali lipoti. Likuti madzi anayezedwa ndipo ali bwino. Thanki sipita kumene pepala likuti kuli madzi abwino."

Ndinati, "Nanga pepalalo lingafe bwanji?"

Anati, "Amene analilemba ndi yekhayo angalibweze. Apo ayi tidikire kuyeza kwa chaka chamawa."

Ndinati, "Ndi ndani mfiti imeneyo?"

Anatsegula kabati, anatulutsa chibuku chonenepa cha chikuto chonyezimira, ananyowetsa chala, n'kupita pa tsamba lomaliza.

Achimwene, Chingerezi sindidziwa, koma siginecha yanu ndimaidziwa. Ija ya mchira wopindika ngati wa nkhumba, imene munkayeserera m'makope anga mpaka aphunzitsi anakwapula ine. Bambo a zaumoyo anati, "Mukumudziwa?" Ndinati ayi. Tambala sanalire, koma ine ndinamumva.

Ndiye mu Febuluwale muja simunabwere kudzaona mphwanu ayi. Munadzera mabotolo atatu a madzi aja munanyamula m'bokosi la ayezi. Pali china chokhudza mabotolo amenewo chimene chikundisowetsa mtendere kuyambira pamene ndinaona bukulo, koma sindingachilembe papepala loti kondakitala akhoza kutsegula. Bwerani ndidzakuuzeni pamaso.

Pakali pano ndatumiza botolo limodzi la madzi a pachitsime. Ndatunga lero m'mawa, ndalikulunga m'nyuzipepala. Lero ndi a pepo. Mukaliike patebulo la ku hotelako, pafupi ndi maikolofoni. Mukamva ludzu poyankhula, imwani. Ndi within acceptable limits.

Mlongo wanu,
Make Kapitawo

23 Okutobala

Alamu,

Ndikulemba ndine mkazi wa achimwene anu. Iwo ali ku hotela, phukusi lanu ndalandira ndine, ndipo ndatsegula chifukwa m'nyumba muno mulibe chobisirana. Kalata yanu sindinawerenge yonse, zolemba zanu n'zothinana ngati nyerere pa shuga. Koma botolo ndaliona, ndipo mawu akuti "imwani" ndawaona.

Ndifunse mwaulemu: tinakulakwirani chiyani? Munthu akangokwezedwa pantchito, basi achibale ayamba kutumiza mabotolo a madzi amtundu, opanda chizindikiro, okulunga m'nyuzipepala. Ine ndinakulira m'nyumba yopemphera, koma sindine mwana. Nditangotsegula chitsekerero mphaka anathawa m'khitchini, mpaka lero akudyera kwa aneba.

Sindinafune kuti zinthu zimenezi zikhale m'nyumba mwanga. Ndinakazithira pa maluwa anga a pakhonde, aja ndinaitanitsa kutali, aja anthu amaima pageti n'kumajambula. Alamu, patangopita masiku awiri maluwa onse asanu ndi limodzi anali atapsa ngati awathira madzi owira. Ngakhale nyongolotsi zinatuluka m'dothi kudzafera pasimenti. Ndiye inu mumafuna kuti zimenezi zilowe m'mimba mwa bambo a m'nyumba muno? Munthu amene amakutchulani m'pemphero la chakudya?

Amayi anzanga a kutchalitchi abwera kudzapemphera pakhondepo, ndipo botolo talitentha. Utsi wake unali wobiriwira, onse aona, mboni zilipo.

Za mwana ndamva, pepani, tikumukumbukira. Koma ana amadwala kulikonse, si chifukwa chodera amene Mulungu wawakweza. Ngati mukufuna thandizo nenani poyera ngati munthu. Ndili ndi madiresi awiri amene sakundikwananso.

Musatumizenso kanthu kamadzimadzi.

Mlamu wanu

27 Okutobala

Mlongo,

Ndabwerako ku msonkhano ndapeza m'nyumba muli maliro a maluwa. Za ufiti ine sindikhulupirira, ndamuuza mlamu wako kuti maluwa ochokera kunja ndi exotic species, ndiye kuti alendo, sapirira. Koma kalata yako yandipweteka.

Inde, lipotilo ndinalemba ndine. Sindinakuuze chifukwa ntchito zotere zili ndi chinsinsi chake. Fakitale inapempha kampani yathu, kampani inatuma ine, ndipo ndinatsata ndondomeko yonse. Ma sample, kutanthauza madzi ochepa oimira madzi onse, anatengedwa malo atatu: pa paipi, pamlatho ndi pachitsime. Anasungidwa mu ayezi, anafika ku labotale tsiku lomwelo. Zotsatira zake zinadabwitsa ngakhale mkulu wa labotale. Anati chiyambire ntchito sanaonepo mtsinje wa pafupi ndi fakitale woyera chonchi, akuti ngati madzi a mvula. Lipoti limeneli landipatsa ulemu. Ndi limene ndawerenga ku hotela, anthu anaimirira kuwomba m'manja, ndipo fakitaleyo ilandira chikho cha kusamala chilengedwe mwezi wamawa.

Ndiye ukufuna ndikaime pamaso pa anthu omwewo, ndinene kuti ndabweza mawu chifukwa cha achule ndi nkhuku zisanu? Sayansi siyendera misozi, imayendera data, ndiye kuti manambala. Makina sanama.

Ndipo iwe ndiwe womaliza kukayikira, poti mabotolowo unakatunga ndiwe wemwe. Waiwala? Kunali matope, ndinakulongosolera bwinobwino malo atatuwo ndili pakhonde, ndipo unabwera nawo odzaza. M'lipoti ndinakulemba kuti community participation, kutanthauza kuti anthu a m'deralo anatengapo mbali. Uli pa tsamba 14.

Uzimupatsa mwana mankhwala monga anesi anenera. Ndidzabwera pa tchuthi cha Disembala.

Achimwene ako

30 Okutobala

Achimwene,

Kapitawo wasiya kulira. Musaganize kuti ndi nkhani yabwino. Akungoyang'ana kudenga, milomo yauma, ndipo anesi asowa mtsempha m'manja, diripi aibaya kuphazi. Mwana uja ankalamula nyumba yonse ndi chala chimodzi, lero ntchentche ikumutera pamphuno osaithamangitsa. M'wodi muno muli ana asanu ndi anayi a mzere wathu, awiriawiri pabedi. Wa mayi a tomato uja anamutumiza ku chipatala chachikulu dzulo, sitinamve kanthu. Anesi akuti ngakhale achire, ndikabwerera naye ku madzi omwewo ndidzabwera nayenso, ndipo ulendo wachiwiri salonjeza.

Moni lero ndilibe. Alamu muwauze kuti pepani za maluwa. Maluwa anamwa kamodzi. Mphwanu wamwa miyezi iwiri.

Mwati makina sanama. Zoona. Wonama ndine. Kondakitala akafuna awerenge.

Tsiku lija munakhala pakhonde pa mpando wa bambo a Kapitawo, mwasanjikiza miyendo, nsapato zoyera mbee, mukudina foni. Munandipatsa mabotolo atatu, munati pa paipi, pamlatho, pachitsime. Simunandiuze kuti ndi a chiyani. Munangoti, "Akufunika ku ofesi, mabwana akawaone." Ndinapita, Achimwene, mwana kumsana, matope mpaka m'mawondo. Ndinatunga pa paipi. Nditakweza botolo padzuwa, madzi ake anali bii ngati inki, muli tinthu toyandama. Ndinaima pamenepo n'kumaganiza: achimwene anga, munthu woyamba m'banja mwathu kukwera ndege, akatulutse chinthu ichi pamaso pa mabwana awo? Akawafunse kuti kwanu ndi kumeneku? Mlongo wako ndi wauve chonchi? Amayi anatiphunzitsa kuti mlendo sapatsidwa madzi a pansi pa mtsuko, ndipo kapu ya mlendo imatsukidwa kawiri.

Ndinakhuthula. Ndinazungulira kuseri kwa khitchini, ndinatsuka mabotolo onse atatu ndi sopo, ndinadzaza madzi a mvula a mumgolo, ndinachita kusefa ndi kansalu koyera. Ndinawapukuta kunja, ndinakupatsani ndi manja awiri. Munati, "Wachita bwino," osakweza maso.

Ndiye mkulu wa labotale uja sanalakwe. Mumupatse moni, ntchito amaidziwa. Anthu a ku hotela anaimirira kuwombera m'manja mgolo wanga. Chikho chija chibwere kuno ndidzachiike pamwamba pake, wagwira ntchito yekha chaka chonse.

Ndaseka polemba izi, kenaka ndapita kuseri kwa wodi kukasanza. Ine ndinachita manyazi ndi madzi akuda, inu munaopa matope, ndipo amene wagona apa ndi singano kuphazi sanatunge nawo, sanasaine nawo.

Dzulo ndinabwerera kwa bambo a zaumoyo. Ndawauza zonse, ndawauzanso kuti siginecha ija ndi ya mlongo wanga wa bere limodzi. Anavula magalasi, kenaka anati, "Mayi, ndamva, ndipo ndikukhulupirira. Koma inu m'bukumu ndinu tsamba 14. Tsamba silingatsutse chikuto. Abwere mwini wake, atunge yekha ine ndikuona, asaine kuti loyamba lija linalakwika. Akatero thanki ndiitanitsa tsiku lomwelo, ndipo za paipi zikhala ndi poyambira."

Ndinafunsa ngati mudzachotsedwe ntchito. Anati mwina. Sindikubisirani, kubisa kwandikwana.

Bambo a Kapitawo anena kuti adzaima nanu pa paipi, adzaonetse ndi manja awo abuluu aja, geti ikafuna kutseguka itseguke. Ngati munthu wa sitandade folo wataya mantha ake, inu a chipewa cha makona anayi mungathe kutayako nsapato.

Mawu anu onse ndawasunga bwino, ndidzakubwezerani mukawagwiritse ntchito ku hotela. Koma ndikudziwa kuti m'mabuku mwanumo muli lina limene simunandiphunzitse, lonena za mwana akafa pepala likuti madzi ali bwino. Limenelo musandiphunzitse.

Basi imene yabweretsa kalatayi imabwerera 2 koloko masana. Kondakitala ndamupempha kuti akusungireni mpando wa kutsogolo. Musadikire Disembala, musadikire galimoto ya ofesi, musatumize tisheti. Tengani mabotolo atatu opanda kanthu. Jombo za bambo a Kapitawo ndatsuka, zili pakhomo. Zikakuthinani ndidzakuberekani mpaka pa paipi, msana wanga masiku ano ulibe womubereka.

M'mawa uno Kapitawo anatsegula maso, anagwira kachipewa kaja, anati, "Malume."

Bwerani lero, Achimwene. Lero.

Mlongo wanu,
Make Kapitawo